Mphaka wa shuga: adye nthawi ziti ngati mwini amachoka m'mawa n'kubwera madzulo?

NaBanda, Rosettenville

Moni nonse. Mphaka wathu wapezeka ndi matenda a shuga sabata yatha. Ali ndi zaka 9, amalemera makilogalamu 6, ndipo dokotala wa ziweto wati azibayidwa insulini (mankhwala otsitsa shuga) yotchedwa Caninsulin, mayuniti 2 kawiri pa tsiku. Vuto ndi nthawi. Ndimanyamuka 5:30 m'mawa kukakwera taxi, kufika pakhomo ndi cha m'ma 6:30 madzulo. Anazolowera kuti mbale ya timabisiketi imakhala yodzaza tsiku lonse. Ndizimusiyirabe, kapena azidya kawiri kokha pa nthawi ya jakisoni? Nanga akakana kudya, ndibaye?

A Phiri, Randburg

Mayi, yambani mwakhazikitsa nthawi ya jakisoni, chakudya chitsatire pambuyo. Insulini imafuna maola 12 pakati pa jakisoni ndi jakisoni. Inu mukabaya 5:30 m'mawa ndi 6:30 madzulo, ndiye kuti maola 13 masana, 11 usiku. Kusiyana kwa ola limodzi si koopsa bola kuzikhala komweko tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Muwauze adokotala kuti adziwe.

Musanatenge sirinji, ikani chakudya. Muone ndi maso anu kuti wadya theka kapena kuposa, kenako mubaye. Caninsulin kwa mphaka imayamba kugwira msanga, imafika pachimake pakati pa maola 2 ndi 6, ndiye ikapeza m'mimba mulibe kanthu shuga amagwa inu muli kale kuntchito.

Za kuchuluka: mphaka wa makilogalamu 6 nthawi zambiri ndi wonenepa, ndipo mafuta ndiwo amalepheretsa insulini kugwira bwino. Ngati adokotala ati ayenera kukhala wa makilogalamu 5, thupi lotere limafuna ma kcal (muyezo wa mphamvu ya chakudya) pafupifupi 230 pa tsiku, ndipo pochepetsa thupi amamupatsa cha m'ma 190. Kapaketi ka chakudya chonyowa ka magalamu 85 kamakhala ndi ma kcal 70 mpaka 90, koma werengani palebulo. Ndiye ndi timapaketi tiwiri ndi theka: kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo, theka lotsalalo muligawe pawiri, lina la masana lina la usiku. Yezani pa sikelo ya kukhitchini, osati ndi maso. Asatsike thupi kuposa magalamu 60 pa sabata, chifukwa mphaka wonenepa akaonda mofulumira chiwindi chimadzaza mafuta, ndipo matenda amenewo amapha.

Mayi Gondwe, Mayfair

A Phiri anena bwino, koma pali msampha umodzi umene ndikufuna muuone musanathamangire kusitolo. Timabisiketi tambiri tili ndi chimanga, mpunga kapena tirigu. Mukamuchotsera timeneti n'kumupatsa chonyowa chosakhala ndi sitachi wambiri, monga Hill's m/d kapena Royal Canin Diabetic, shuga wake amatsika yekha m'masiku ochepa. Mayuniti 2 amene anali oyenera pa timabisiketi akhoza kukhala ochuluka pa chakudya chatsopano. Choncho sinthani pang'onopang'ono kwa masiku 7, kusakaniza chakale ndi chatsopano, ndipo adokotala adziwe tsiku lomwe mwayamba. Amphaka ena akasintha chakudya amafika posiya jakisoni, makamaka m'miyezi yoyamba. Ndi nkhani yabwino, koma ndi nthawi yomweyo imene ngozi ya shuga wotsika imakula.

Pa funso lanu lomaliza: akadya pang'ono, madokotala ambiri amati mubaye theka la mlingo, koma mugwirizane nawo lero, mulembe papepala, mumate pafiriji. Akakaniratu kapena akusanza, musabaye, imbani foni. Mphaka wa shuga asathe maola 24 osadya osaonedwa ndi dokotala.

Zizindikiro za shuga wotsika ndi kufooka, kudzandira ngati woledzera, kunjenjemera, maso kuyang'ana malo amodzi, kenako kugwa ngati wa khunyu. Ngati akutha kumeza, mupatseni chakudya. Ngati sakutha, pakani uchi kapena golden syrup m'nkhama ndi chala, musathire chilichonse kukhosi, ndipo thamangani naye. Nambala ya chipatala cha ziweto chotsegula usiku ikhale kale m'foni.

Ndipo chonde auzeni ana ndi alendo: nsima ayi, mpunga ayi, buledi ayi, mkaka ayi. Usipa wouma mchere umachuluka. Mukafuna kumunyengerera pa jakisoni, kachidutswa ka nkhuku yowiritsa yopanda mchere n'kokwanira.

Chisale, Kempton Park

Ndiwonjezere za zida. Caninsulin ndi U-40 (mayuniti 40 pa mililita), imafuna sirinji ya U-40. Lantus, mtundu wina wa insulini, ndi U-100 (mayuniti 100 pa mililita), imafuna sirinji ya U-100, imene imagulitsidwa m'mafamase a anthu. Mukakoka Caninsulin ndi sirinji ya U-100 mpaka pa 2, mphaka walandira yosakwana theka la mlingo wake. Mukakoka Lantus ndi ya U-40, walandira kawiri ndi theka. Onani palebulo nthawi zonse.

Nkhani yoti azidya nthawi ya jakisoni yokha imadalira mtundu wa insulini. Lantus ndi ProZinc zimagwira mofatsa kwa nthawi yaitali, ndiye mphaka akhoza kumadya pang'onopang'ono tsiku lonse, bola mlingo wa chakudya cha tsiku usadutse. Ngati Caninsulin ikuoneka kuti ikutha mphamvu musanafike pakhomo, funsani za kusintha.

Chakudya cha masana chiikeni m'mbale yotseguka yokha pa nthawi yake, ya mabatire, kuti a Eskom akazimitsa magetsi isaime. Itseguke cha m'ma 10 koloko, pamene insulini ili pachimake. M'chilimwe chakudya chonyowa chimasasa msanga, ndiye ikani ayisi pansi pake. Botolo la insulini likhale mufiriji pa 2 mpaka 8°C, osati pachitseko, osatinso mufiriza. Magetsi akazima kwa maola ochepa, ingosiyani chitseko chotseka. Insulini ikauma ngati ayisi yatha ntchito, tayani.

NaBanda, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse. Nanga taxi ikachedwa n'kufika 9 koloko usiku? Komanso dzulo ubweya unanyowa nditabaya, ndikukayika ngati mankhwala analowa.

Mayi Gondwe, Mayfair

Ubweya ukanyowa musabwereze, chifukwa simudziwa kuti yalowa yochuluka bwanji. Shuga wokwera usiku umodzi savulaza ngati wotsika. Mukafika 9 koloko, kubaya pamenepo n'kubayanso 5:30 kukutanthauza kuti milingo iwiri yakumana m'thupi pa maola 8 ndi theka okha. Kawirikawiri ndi bwino kumudyetsa monga mwa masiku onse, kudumpha jakisoni wa usikuwo, n'kupitiriza m'mawa ndi mlingo womwewo, osawonjezera. Zikamachitika kawiri kapena katatu pa mwezi, phunzitsani wina wa pakhomo kubaya.

Khalaninso ndi kope: nthawi, mayuniti, magalamu amene wadya, ndi madzi amene wamwa. Madzi amene akumwa akayamba kuchepa ndiye kuti mankhwala akugwira. Mukagula kamakina koyezera shuga, magazi mumatenga m'mphepete mwa khutu. Cholinga ndi pakati pa 5 ndi 14 mmol/L tsiku lonse. Mukapeza 5 kapena kutsika musanabaye, ikani sirinji pansi, mumudyetse, muimbire adokotala.