Kodi mawu oti engineer anachokera ku injini?

Mbuya_Zomba:
Anzanga ndithandizeni, mawu oti engineer aja amene ife timati injiniya, kodi anachokera ku injini ya galimoto? Ndikufunsa chifukwa kuno aliyense wogwira sipanala akumutchula injiniya, pomwe mwana wa achemwali anga amene akuphunzira zomanga misewu ndi milatho ku MUBAS nayenso akuti adzakhala injiniya koma injini sanaimasulepo.

Chikondi88:
Ayi achimwene, mawuwa ndi akale kwambiri, galimoto yabwera dzulodzuloli. Injini ndi injiniya onse anatuluka ku liwu limodzi la Chilatini loti ingenium, kutanthauza nzeru zobadwa nazo, luso lotulukira chinthu. Linadzera mu Chifalansa chakale n'kulowa mu Chingerezi cha m'ma 1300, ndiye nthawi imeneyo engineer anali munthu wa kunkhondo wopanga zida zogumulira malinga a adani, monga zija zoponya zimiyala zikuluzikulu komanso chimtengo chokhala ndi chitsulo kumutu chomwe asilikali ankagunda nacho chipata mpaka chithyoke. Zida zimenezo ndi zomwe ankati engine, kopanda petulo kopanda dizilo.

NaPhiri_UK:
Zoona zimenezo. Ndiwonjezere za mwana wa achemwali anu uja bambo. Poti injiniya ankadziwika kuti ndi wa asilikali, omanga zothandiza anthu wamba anafunika dzina lawolawo, ndiye kunabwera civil engineer. Amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi John Smeaton wa ku England, anamanga nsanja younikira sitima zapanyanja ya Eddystone yomwe inatha mu 1759, ndipo mu 1771 anayambitsa nawo bungwe la Society of Civil Engineers. Ndiye mwanayo dzinalo ndi lake ndithu, kuwerengetsa kulemera komwe mlatho ungasenze madzi atasefukira si ntchito yamasewera ndipo ine zimandiwawa anthu akamaichepetsa.

Kamwendo_Dedza:
Chisokonezochi chili mu Chingerezi makamaka, chifukwa ukaona engineer maso amathamangira pa engine. Ku America mpaka woyendetsa sitima yapamtunda amamutcha engineer. Koma Afalansa amati ingénieur pomwe injini ya galimoto amati moteur, anzathu aku Mozambique amati engenheiro koma ya galimotoyo ndi motor, ndiye kumeneko makaniko ndi injiniya sawasakaniza ngati ife.

Mbuya_Zomba:
Zikomo nonse. Nanga amene anaphunzirira pa galaja koma amatha kupanga yekha chigayo kapena pampu yamadzi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, ameneyo timuike mbali iti? Chifukwa ingenium mukunenayo ine ndikuiona mwa iyeyo.