Kodi ndingathane bwanji ndi kupweteka kwa msana pamene ndikuphunzira unamwino?

Akuluakulu ndi anzanga, ndikupempha malangizo anu. Ndine wophunzira unamwino wa chaka chachitatu kuno ku Blantyre, ndipo kwa miyezi inayi tsopano msana wakhala ukundipweteka cha m'chiuno. Masana timaima nthawi yaitali m'wodi, kuwerama poyala mabedi ndi kutembenuza odwala amene sangathe kudzuka okha. Usiku ndimawerenga nditakhala pabedi, laputopu ili pamiyendo, khosi litapindika, chifukwa m'chipinda chathu muli tebulo limodzi lokha pamene timagonamo anthu anayi. Pofuna kuimirira ndimayamba ndagwira khoma ngati gogo, chikhalirecho sindinakwanitse n'komwe zaka 23.

Chochititsa manyazi n'chakuti m'kalasi tinaphunzira kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, koma ine ngakhale popita pafupi ndimakwera kabaza. Mankhwala opha ululu amangondipumitsa kwa maola ochepa.

Inu amene munakumanapo ndi vutoli, makamaka ophunzira fiziyotherapi (chithandizo cha mafizo), kodi ndi masewera ati amene angatheke m'chipinda chopanikiza chonchi, nanga ndi zizindikiro ziti zimene ndikaziona ndisazengerezenso kukaonana ndi dokotala? Pakadali pano miyendo sinayambe kuchita dzanzi.