Ana a mphaka wanga abadwa osiyana ubweya: kodi wamizereyu ndi mwana wa vumbwe?

Mayi wa ku Dómuè:
Moni nonse. Mphaka wanga wamkazi, amene amatithandiza kugwira makoswe kunkhokwe, ali ndi mawanga amitundu itatu: oyera, akuda ndi ofiirira. Mwezi watha anaswa ana anayi, ndipo palibe awiri ofanana. Wina ndi wakuda bii, wina ndi wofiirira, wina watengera mayi wake, pomwe wachinayi ndi wotuwa wamizeremizere mpaka kumchira. Anzanga oyandikana nawo akuti wamizereyu ndi mwana wa vumbwe, ndipo akadzakula adzatha nkhuku m'mudzi muno. Nawo alamu anga apempha wamitundu itatuyo, koma akufuna akhale wamwamuna. Kodi ubweya ungandiuze zoona pa nkhani ziwirizi?

Mphunzitsi wa ku Ulónguè:
Mayi, alamu anuwo auzeni kuti asayembekezere wamwamuna. Chimene chimasankha kufiira kapena kuda kwa ubweya wa mphaka chimakhala pa chromosome (kachingwe kakang'ono ka m'thupi konyamula zotengera kwa makolo) yotchedwa X. Wamkazi ali ndi X ziwiri, choncho angalandire kufiira kwa kholo limodzi ndi kuda kwa kholo linalo. Wamwamuna ali ndi X imodzi yokha yochokera kwa mayi wake, n'chifukwa chake amakhala wofiirira kapena wakuda, osati zonse ziwiri. Mwana wamkazi akadali m'mimba, selo iliyonse (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi) imatseka X imodzi n'kugwiritsa ntchito inayo, ndiye pakhungu pena pamamera ubweya wofiirira, pena wakuda. Wasayansi wa ku England, Mary Lyon, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1961. Wamwamuna wamitundu itatu amapezeka mwa apo ndi apo, pafupifupi mmodzi pa 3,000, chifukwa chobadwa ndi X yowonjezera, ndipo kawirikawiri sabereka. Kuyera kuli ndi gwero lakelake, sikukhudzana ndi kukhala wamkazi kapena wamwamuna.

Bambo wa ku Furancungo:
Za vumbwe ndiyankhe ine, popeza kuno tili pafupi ndi tchire ndipo timamuona. Mizere payokha si umboni, chifukwa amphaka onse apakhomo anachokera kwa mphaka wakutchire wa mtundu umenewu, ndipo mizere ndiyo maonekedwe awo akalekale. Tayang'anani pamphumi pa kamwanako, mupeza mizere yolemba chilembo cha M. Aliyense wamizere ali nacho, ngakhale wobadwira m'tauni ya Tete amene sanaonepo tchire. Vumbwe weniweni amadziwika ndi kuseri kwa makutu kofiira kwambiri kopanda mawanga, miyendo yaitali moti akakhala pansi amaoneka ngati waima chilili, mizere yakuda yodutsa m'miyendo pomwe ya pathupi ili yozilala, ndiponso nsonga yakuda ya mchira. Mukanyamula kamwanako muone makutuwo poyamba.

Mlimi wa ku Tsangano:
Bambo a ku Furancungo anena bwino, komabe tisawatsutse kotheratu anzawo a mayiwa. Vumbwe ndi mphaka wapakhomo amakwerana ndithu, ndipo ana awo nawonso amabereka. Chimene ndikukana ine ndi kuweruza kamwana ka mwezi umodzi, miyendo isanatalike n'komwe, kuti kadzagwira nkhuku. Amphaka ena opanda mzere ngakhale umodzi amagwira anapiye akamagona ndi njala.

Mayi wa ku Dómuè:
Zikomo nonse. Makutu ndawaona, kuseri kwake ndi kotuwa basi. Nanga mizereyo yachokera kuti, poti mayi wake alibe? Ndaonanso kuti wofiirirayo ali nayo pang'ono kumaso ndi kumiyendo.

Mphunzitsi wa ku Ulónguè:
Ngati mawanga akuda a mayiyo ali akuda bii opanda mizere mkati, ndiye kuti wotuwayo watengera bambo wake, amene ayenera kuti ndi mphaka wamizere wa m'mudzi momwemo. Dziwaninso kuti wamkazi amatha kukweredwa ndi amphongo angapo pa nthawi imodzi, kotero ana obadwa tsiku limodzi angakhale ndi abambo osiyana. Wofiirira asakudabwitseni, chifukwa ubweya wofiirira subisa mizere, ndipo mphaka aliyense wotero amakhala nayo ngakhale yozilala. Popeza ambiri mwa ofiirira, pafupifupi 8 pa 10 alionse, amakhala aamuna, muyang'ane ameneyo pansi pa mchira. Mwina ndiye woyenera kupita kwa alamu anu.