Mlendo wa bondo lovuta, kwatsala masiku atatu: tiitane, tiwenderere kapena tilalire?

Mlondi wa ku Meeker: Akuluakulu, ndipatseni nzeru msanga. Ndatsikira m'tauni kudzagula ayezi ndi gasi, netiweki ndili nayo mpaka mawa m'bandakucha basi. Ndili ndi mlendo wa ku Texas, zaka 64, laisensi yake ndi ya uta, akufuna elk yamphongo (nyama yaikulu yonga mbawala, ya nyanga za nthambi). Ulenje ndi wa masiku asanu, awiri apita. Tili m'mapiri a Flat Tops kuno ku Colorado, ku America, msasa uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000. Bambowa anachitidwa opaleshoni ya bondo, kukwera amalimbikira koma potsika amalumitsa mano. Masiku awiriwa takhala tikuitana elk poliza chitoliro chotsanzira kulira kwake. Dzulo mphongo inayankha bwinobwino, inabwera mpaka mamita ngati 70 n'kuima kuseri kwa mitengo ya aspen, kenako mphepo inatembenuka ndipo tinangomva nthambi zikuthyoka. Lero zonse zili zii. Mlendo walema, mpweya ukumuperewera, ndipo masana kukutentha. Masiku otsalawa ndichite chiyani?

Gogodela wa ku Idaho: Achimwene, musasiye kuitana. Ino ndi Seputembala, mphongo zili pa zazikazi, magazi ali kumutu. Nthawi ngati iyi simuipezanso chaka chonse. Koma ndifunse: poitana munaima pati, mlendo anaima pati?

Mlondi wa ku Meeker: Tinali limodzi, phewa ndi phewa, kuti ndizimunong'oneza mtunda.

Gogodela wa ku Idaho: Apo ndiye munalakwitsa. Mphongo ikamva kulira imadziwa ndendende pamene pachokera mawuwo. Ikafika poti ingathe kuona malowo koma osaona elk inzake, imaima. N'chifukwa chake inakuimirani pa 70. Mlendo muikeni kutsogolo, inu mubwerere m'mbuyo mamita 50 kapena 60, kuseri kwa kachitunda ngati kalipo. Mphongo pofunafuna inuyo idutsa pamphuno pa mlendo. Ndipo musamangoliza chitoliro cha mphongo. Yaikulu yomwe ili kale ndi zazikazi zake ikamva mnzake akuiopseza nthawi zambiri imangosonkhanitsa akazi ake n'kuwoloka phiri. Lirani ngati yaikazi, pang'onopang'ono, ndipo tengani chikuni muzikwecha nacho pamtengo ngati nyanga. Zimene zimabwera mothamanga ndi mphongo zongozungulira kunja kwa gulu, zopanda akazi.

Madala a ku Mfuwe: Ine elk ndimangoiona pa zithunzi zimene mumatumiza muno, koma nkhani ya mphepoyo ndaimva. Mwanawe, thumba la phulusa loyesera mphepo uli nalo? Nyama ya m'gulu ili yonse, kaya ndi ntchefu kaya njati, ikamva phokoso losadziwika imazungulira kuti inunkhize kaye. Maso ukhoza kuinamiza, makutu ukhoza kuinamiza, koma mphuno ayi. Inakupezani nthawi yanji?

Mlondi wa ku Meeker: Cha m'ma 9 koloko m'mawa, madala. Phulusa ndili nalo, kuno amagulitsa kabotolo ka ufa woyera koma ntchito yake ndi yomweyo.

Gogodela wa ku Idaho: 9 koloko ndi nthawi yoipa m'mapiri. Usiku ndi m'mamawa mpweya wozizira umatsika phiri, dzuwa likatenthetsa nthaka umayamba kukwera, ndipo pakati pa ziwirizi umangozungulirazungulira. Mukachedwa kufika pa nyama nthawi imeneyo, khalani pansi mudikire ukhazikike.

Wa ku Limpopo: Ndilowepo. Ine ndikuona kuti tonse tikukamba za elk, pamene vuto lili pa bondo la mlendo. Kuitana kumafuna miyendo. Mphongo ikalira kutsidya la chigwa muyenera kuthamangira kumeneko, kutsika, kukwera, kuzungulira mphepo. Munthu wa zaka 64 wochokera kuchidikha, pa mamita 3,000, mwamuyendetsa kale masiku awiri. Lachitatu adzakoka uta manja akunjenjemera. Kuno ku South Africa kumafamu alenje a uta ambiri timawakhazika m'kachisakasa pafupi ndi madzi, mtunda woyezeratu, mamita 20 kapena 25, munthu ali phee, mtima uli m'malo. Ena amaiseka njira imeneyi kuti ndi ya aulesi, koma nyama zovulala n'kusowa zimachepa.

Gogodela wa ku Idaho: Ku Limpopo m'chilimwe dziwe ndi limodzi famu yonse, ndipo pali mpanda. M'mapiri ano kamtsinje kali m'chigwa chilichonse. Mudzalalira madzi ati? Komanso kuika mchere kapena chakudya monga mumachitira uko, ku Colorado n'kuphwanya lamulo, bwana wa mlondiyu akhoza kulandidwa chilolezo.

Wa ku Limpopo: Za nyambo sindinanene. Ndikufunsa: palibe malo amene mphongozi zimabwererako tsiku ndi tsiku?

Mlondi wa ku Meeker: Alipo. Pali chithaphwi cha matope kumbali ya phiri yoyang'ana kumpoto, m'nkhalango yowirira momwe zimagona masana. Nthawi ino mphongo zimakodzera m'matopemo n'kumagubuduzikamo kuti zinunkhe, zazikazi zizimve. Ndinadutsapo Lamlungu tisanayambe, madzi anali avundu, matope atamatika pamitengo mpaka m'chifuwa mwanga, fungo lake ngati khola la mbuzi.

Madala a ku Mfuwe: Pagona tonde padzinunkha! Ndiye ukufunsanji, mwanawe? Njati zokalamba zija zimachita chimodzimodzi, dzuwa likakwera zimapita kumatope. Madzi avundu ndiye kuti mwini wake wachokapo posachedwa. Akadakhala oyera ndikanati usataye nthawi.

Gogodela wa ku Idaho: Chabwino, chithaphwi ndavomera, makamaka poti kukutentha. Koma mlendo walipira ndalama zambiri kuti amve mphongo ikubangula pamaso pake. Mukamukhazika pansi maola asanu ndi limodzi akuyang'ana matope, osaona kanthu, adzabwerera kwawo akunena kuti munamunyanyala. Ndawaonapo otere.

Mlondi wa ku Meeker: N'zimene zikundidetsa nkhawa. Nanga kuwenderera? Kuli malo oyera kumtunda kwa mitengo kumene m'mamawa timaziona ndi magalasi zikudya.

Gogodela wa ku Idaho: Ndi mfuti, inde. Mu Okutobala nyengo ya mfuti ikatsegulidwa, kuona patali n'kuyandikira mpaka mamita 200 kapena 300 ndiye njira yake. Ndi uta muyenera kufika pa 30 kapena 40, pakati pa maso a zazikazi makumi awiri, mukukwawa ndi mawondo. Bondo lake lomwelo? Iwalani.

Madala a ku Mfuwe: Nanga osamupatsa gogodela bwanji? Unanena kuti kumeneko azungu amasakabe ndi mfuti zothira onga kukamwa.

Mlondi wa ku Meeker: Amasaka nazo ndithu, madala, masiku 9 pakati pa Seputembala, ndipo ndi sabata ino. Malamulo ake mungaseke: yopanda galasi lolozera, onga wake wa ufa, kamwa la mfuti ya elk lisachepere .50 ya inchi, ndipo mlenje avale za mtundu wa lalanje zowala kapena pinki. Kwathu munthu akapezeka ndi gogodela m'tchire amagona m'chitokosi, kuno amamupatsa nyengo yakeyake. Koma laisensi ndi ina, ya mlendo wanga ndi ya uta basi. Ndipo ndikuganiza kuti kukhala chete kwa leroku n'chifukwa cha iwowa. Loweruka magalimoto anadzaza pamene pamayambira njira, aliyense ndi chitoliro chake.

Wa ku Limpopo: Si mimbulu ija anabweretsa kuchokera ku Oregon mu Disembala 2023? Ndinamva alenje akudandaula.

Mlondi wa ku Meeker: Aliyense wobwerera chimanjamanja amatchula mimbulu. Ine chigwa chathu sindinaonemo phazi lake ngakhale limodzi. Mapazi a nsapato ndiye ambirimbiri.

Achemwali a ku Craig: Ndawerenga zonse ndili pa ntchito. Palibe amene wafunsa funso langa: ikagwa, ituluka bwanji? Sabata ino yokha kuno kobutchala tabweza nyama ya anthu awiri, yowola kuyambira pafupa la ntchafu, kunja ikuoneka bwinobwino. Mphongo yaikulu imapitirira makilo 300, chikopa chake n'chokhuthala, kutentha sikutuluka msanga. Mukaiitana n'kuilasa pansi pa chigwa chakuya 10 koloko m'mawa, inu nokha ndi mlendo wopunduka bondo, nyama yopanda mafupa pafupifupi makilo 100 mudzaisenza kangati? Ndipo Flat Tops ndi malo otetezedwa, galimoto kapena njinga sizilowa, ngakhale wilibala saloleza. Chithaphwi chanucho chili kutali bwanji ndi njira ya akavalo?

Mlondi wa ku Meeker: Mphindi 20 kuyenda pang'onopang'ono, ndipo n'kopingasa phiri, kulibe chitsetso chachikulu. Akavalo ndi nyulu afika mpaka pafupi. Kamtsinje kali m'munsi mwake, pamthunzi.

Achemwali a ku Craig: Ndiye nkhani yatha, achimwene. Laliranipo madzulo. Ikagwa dzuwa likupendeka, usiku wozizira ukuthandizani. Musavutike ndi kutumbula, sendani chikopa mbali imodzi, chotsani miyendo iwiri, mnofu wa m'mbali mwa msana, wa m'khosi, tembenuzani muchitenso chimodzimodzi, kenako ng'ambani pang'ono kuseri kwa nthiti yomaliza mutulutse timinofu tofewa ta m'kati. Lamulo la kuno ku Colorado limafuna miyendo inayi yonse, ya msana ndi timinofu timeneto, mukasiya mlandu. Ikani m'matumba a nsalu, osati apulasitiki, pachikani pamthunzi pafupi ndi kamtsinjeko. Ntchafu zitseguleni mpaka pafupa ngati usiku suzizira. Ndipo pa ntchafu imodzi musiye chizindikiro choti inali yamphongo chili cholumikizika, oyang'anira nyama akakuimitsani amayang'ana chimenecho.

Gogodela wa ku Idaho: Achemwali andigonjetsa ndi mpeni wawo. Koma tigawane tsiku. M'mamawa, mphepo ikutsika, khalani m'munsi mwa njira imene zimadzera pochoka kodya kupita kogona, pafupi ndi msasa, muitane pang'ono monga ndanenera, mlendo kutsogolo. Zikayankha kutali musazithamangire. 9 koloko bwererani, adye, agone, bondo alimange ayezi amene mwagulawo. Masana mupite kumatope.

Madala a ku Mfuwe: Ndipo polowa usadutse pamene zimagona. Ukazidzutsa kamodzi ndi fungo lako, chithaphwicho chimakhala cha achule sabata yonse. Ndimve bwino za mphepo ija: masana ikukwera, madzulo ikutsika. Ndiye kachisakasa kamodzi sikakwana.

Mlondi wa ku Meeker: Ndaganiza zomwezo. Malo ogona ali kumtunda kwa chithaphwi. Ndikafika 2 koloko mphepo ikukwera, fungo lathu lipita kwa izo zenizeni.

Gogodela wa ku Idaho: Khalani cham'mbali, mopingasa, osati m'munsi mwenimweni, kuti pokwera fungo lidutse pambali pa nkhalangoyo. Mthunzi ukaphimba mbali ya phiriyo mphepo itembenuka, pamenepo sunthani mwakachetechete kupita m'munsi. Konzeranitu malo awiri onsewo ndi nthambi, chotsani masamba ouma pansi. Yezani mtunda kufika pamtengo uwu ndi mwala uwo, mumuuze mlendo manambala nyama isanabwere.

Wa ku Limpopo: Mpatseni kampando, ndipo mawa m'mawa aponye mivi iwiri itatu atakhala pansi. Ambiri amaphunzira ataimirira, akakhala pampando uta umagunda bondo kapena nthaka. Mumuuzenso asalase ikamuyang'ana ndi chifuwa, kapena ili m'matope miyendo yobisika. Adikire ituluke, ipereke nthiti, mwendo wakutsogolo utapita patsogolo. Muvi ukalowa, musadzuke. Magazi owala a thovu ndi mapapo, theka la ola n'lokwana. Akuda bii ndi chiwindi, maola anayi kapena kuposa. Muvi ukanunkha zam'mimba, pitani kumsasa mukabwere m'mawa.

Achemwali a ku Craig: Apo pokha ndi pamene ine ndi inu timasiyana mtima, chifukwa usiku wonse nyama ili m'chikopa ndi nyama yotayika theka. Koma kuithamangitsa ndiye kuitaya yonse. Alase bwino basi.

Mlondi wa ku Meeker: Nanga mlendo ndimuuza bwanji osamuchititsa manyazi? Ndi munthu wonyada, safuna kumva za bondo.

Madala a ku Mfuwe: Bondo usalitchule n'komwe. Mutengere pachithaphwi, umuonetse matope pamitengo, anunkhize yekha. Umuuze kuti pano pali mwini wake ndipo tikufuna iyeyo. Mlenje akaona phazi lalikulu amaiwala kuti wakhala pansi.

Mlondi wa ku Meeker: Zamveka. Ndinyamuka 4 koloko. Ndikatsika Lachisanu ndidzakuuzani.

Mlondi wa ku Meeker: Ndatsika. Lachitatu m'mawa palibe chinayankha, madzulo pachithaphwi panabwera yaikazi ndi mwana wake, zinamwa n'kupita, mlendo anangoti kakasi kuziona pa mamita 15. Lachinayi cha m'ma 5 koloko inabwera mphongo yosalira n'komwe, tinangomva kamtengo kakuthyoka. Nyanga nthambi zisanu mbali iliyonse, ndiye lamulo loti mphongo yosakidwa ikhale ndi nthambi zinayi panyanga imodzi inakwanitsa. Inalowa m'matope, inagubuduzika mphindi mwina khumi, mlendo atagwira uta ine nditamugwira phewa. Itatuluka inaima pa mwala umene tinayeza mamita 27. Magazi a thovu, inagwa isanathe mamita 100. Tinamaliza kusenda ndi matochi 10 koloko usiku. Si ija inatiimira pa 70, ija inali yaikulu.

Gogodela wa ku Idaho: Ija ikanabwera mukanaima kumbuyo kwa mlendo Lolemba. Chaka chamawa mudzayese, mudzandiuza.

Achemwali a ku Craig: Ntchafu zafika kuno masana ano, ndanunkhiza pafupa, zili bwino. Koma achimwene, ubweya ndi masamba a paini amene mwasiya pa nyama ya msana! Ulendo wina yalani chikopa pansi musanaikepo mnofu. Mlendo akufuna masoseji makilo angati? Mufunseni asanakwere ndege.