Thandizeni nzeru: Land Rover ya malemu bambo, ndiyambire chesisi kapena injini?

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru makamaka kwa inu amene munagwirako ma Land Rover akale. Ndili ku Salima, mbali ya ku Lifuwu. Pakhomo pali Series III yaitali ija ya 109, pikapu, injini ya dizilo ya 2.25, imene anasiya malemu bambo. Chimwalirire iwo yangokhala pansi pa mtengo wa mango. Abale ena amafuna igulitsidwe kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, koma titakhala pansi tinagwirizana kuti ikhale yanga bola ndiidzutse.

Sindikuifunira chionetsero ayi. Ndimalima mpunga, ndipo mvula ikagwa tinjira tolowera kudambo kuno galimoto wamba safika. Matumba a feteleza amayenda pa ngolo kapena pa njinga, ndalama yambiri imathera pomwepo.

Mmene ilili ndi motere. Bodi ili bwinobwino popeza ndi aluminiyamu, kungoti pamene yakhudzana ndi chitsulo pakutuluka ufa woyera. Chondidetsa nkhawa ndi chesisi. Crossmember yakumbuyo, chitsulo chopingasa cha kumapeto kwa chesisi, yadyeka moti ukagogoda ndi hamala dzimbiri limangoyoyoka, ndipo ma outrigger awiri, timikono ta m'mbali mwa chesisi togwira bulkhead (khoma lolekanitsa injini ndi mokhala dalaivala), abooka. Popondera mapazi kwa dalaivala ukuona dothi pansi. Injini ikuzungulira: titaika batire ina inalira ndithu, koma utsi woyera uli tolotolo ndipo ikunjenjemera. Buleki ukaponda ikungofika pansi.

Ndalama ndimaipeza kamodzi pachaka ndikagulitsa mpunga, choncho zonse nthawi imodzi sindingathe. Makaniko wina pa Kamuzu Road akuti ndichotse injiniyi tiikemo ya Toyota, 2L kapena 3L ya mu Hilux, poti masipeyala ake ali paliponse. Mtima wanga ukukana, koma mwina ndi chifundo chabe cha katundu wa bambo. Kodi ndiyambire pati? Nanga chesisi yotereyi ingawotchereredwe pakhomo nkudzapeza COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kapena ndikungotaya ndalama?

Madala a ku Chipoka:
Mwana wanga, injini isiyeni kaye. Injini yalira kale, ndiye kuti moyo ulimo. Galimoto imeneyi ndi chesisi, china chilichonse chimangomangidwa pamwamba pake ndi mabawuti. Masulani bodi yakumbuyo yonse, anthu anayi amainyamula, kenako mutsuke matope ndipo muyende ndi hamala ndi sikuludiraiva kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Musaope kubaya. Muone bwino nyanga zakutsogolo pamene pamagwira masipuling'i, pansi pa giyabokisi, pogwira thanki, ndi pamwamba penipeni pa ekiselo yakumbuyo. Chesisi imeneyi ndi bokosi, imaolera mkati chifukwa matope akalowa satuluka, ndiye kunja ikhoza kuoneka yamoyo pomwe mkati mwatha. Ngati zadyeka ndi crossmember ndi ma outrigger okha, imeneyo ndi ntchito yodziwika, zidutswa zimenezo zimasinthidwa. Koma mukapeza kuti mizati iwiri ikuluikulu yabooka malo ambirimbiri, funani chesisi ina, musalimbane nayo.

Pa zowotcherera ndikuchenjezeni. Musatenge mnyamata wozolowera mafelemu a zitseko ndi mawindo kuti angomata chigamba pamwamba pa dzimbiri. Pafunika kudula mpaka mufike pa chitsulo chamoyo, nkuikapo puleti ya 2 kapena 3 mm. Musanadule chilichonse yezani ndi tepi mopingasa mbali zonse ziwiri, mulembe m'kabuku, apo ayi galimoto idzayenda chammbali ngati nkhanu ndipo zitseko sizidzatsekeka. Thanki ndi batire zichoke musanayatse makina. Ndipo musalowe pansi itakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa, njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Ikani zipika za mtengo wolimba. Mukamaliza thirani oyilo wakutha mkati mwa chesisi monse, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno sichisiya chitsulo.

Wa ku Area 25:
Achimwene, ine ndinena mosabisa, gulitsani. Series III anasiya kupanga mu 1985, ndiye ngakhale yomaliza kutuluka ndi nkhalamba. Ndi mavuto a ndalama zakunja alipowa, kachipangizo kalikonse koitanitsa ku Joni kapena ku UK kadzakulizani. Onjezerani ndalama mugule Hilux yoyenda kale.

Mwini funso:
Ndamva bwana, ndipo simunaname. Koma ndalama ya zitsulo zakutha ndi mtengo wa Hilux ya 4x4 zatalikirana kwambiri, sindingafikepo ngakhale zaka zingapo. Iyi ndili nayo kale pakhomo, ndipo ntchito yambiri ndingaigwire ndekha ndi masipanala.

Mayi a ku Nkhotakota boma:
Achimwene, abambowa akukamba za zitsulo, ine ndikufunsani za mapepala. Bulubuku ili kuti, ndipo ili m'dzina la ndani? Ngati ili m'dzina la malemu, galimotoyo ndi chuma chamasiye. Pitani kwa DC akuuzeni makalata ofunika, kenako ku Road Traffic ku Lilongwe kuti dzina lisinthe musanathire ndalama. China, zimene munagwirizana pabanja zija zilembedwe ndipo aliyense asainire, amfumu kapena ankhoswe akhalepo. Lero ndi chitsulo chogonamo nkhuku, palibe akuchifuna. Tsiku lomwe idzanyamule matumba a mpunga kupita kuchigayo, ndi pomwe mudzamve kuti galimoto ndi ya tonse. Ife zinatichitikira ndi boti la malemu malume, mpaka pano anthu salankhulana. Muzikumbukiranso kuti mukasintha injini, nambala yake iyenera kusinthidwa m'mapepala.

Makaniko wa ku Biwi:
Madala a ku Chipoka anena zoona, chesisi poyamba, buleki kachiwiri, injini pomaliza. Koma ndiyankhepo za utsiwo kuti mtima ukhale pansi, mfumu.

Utsi woyera pa 2.25 dizilo yomwe yakhala nthawi yaitali nthawi zambiri ndi dizilo wosapsa. Ununkhizeni. Ngati ukuwawa m'maso ndipo ukununkha dizilo, ganizirani ma injector (opopera dizilo mu injini), taimingi, kapena ma heater plug (otenthetsa injini polizitsa). Pa injini imeneyi ma heater plug akale aja analumikizidwa motsatizana, imodzi ikafa onse anayi sagwira, ndiye m'mawa imavuta kulira nkumafuka. Taimingi yake ndi ya tcheni, tcheni ikatamuka pampu imachedwa kuponya, utsi nkuyera. Ngati utsi sukununkha dizilo ndipo madzi mu redieta akuchepa kapena akutulutsa thovu, pamenepo ndi gasiketi kapena hedi yang'aluka, ndipo mahedi a injini zimenezi amang'alukadi zikatenthedwa. Khuthulani dizilo wakale yense, tsukani thanki, sinthani fyuluta ndi oyilo, ma injector mupite nawo kwa oyeza. Yezetsani compression, mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda, musanamasule hedi. Pampu ya dizilo ya CAV musaitsegule pakhomo, kafumbi kakang'ono kamaipha.

Za Toyota ndikuti musathamangire. 3L ndi injini yabwino, koma siingolowa. Pafunika adapter yolumikizira ku giyabokisi, mamauntingi atsopano, ekizozi ndi mapaipi a madzi, ndipo adapter ikapangidwa mokhota pang'ono mudzakhala mukusintha kilatchi ndi mabering'i osaleka. 2.25 dizilo ili ndi mphamvu ya mahatchi 62 basi, ndipo giyabokisi inazolowera imeneyo. Kumbuyo mulibe nkhawa chifukwa 109 Series III ili ndi ekiselo ya Salisbury, yolimba zedi, koma giyabokisi ndi yomwe imayamba kudandaula. Ngati tsiku lina mudzafunedi mphamvu, injini ya 200Tdi ya mu Defender kapena Discovery yakale ndiyo imagwirizana nayo mosavuta popeza ndi banja limodzi la injini. Koma kunyamula mpunga kudambo mu giya ya low, yomwe ilimoyo ikukwanira. Pa M14 pokwera kupita ku Lilongwe idzakuchedwetsani, zimenezo muvomereze.

Buleki musachite zongothira mafuta nkupopa. Ndi madiramu mawilo onse anayi, ndipo labala aliyense wakhala zaka wauma. Sinthani makiti a master ndi a masilinda onse, mapaipi a labala, ndipo muone achitsulo ngati sanadyeke. Kutsogolo kwa 109 wilo lililonse lili ndi masilinda awiri, mpweya umabisalamo, ndiye pochotsa mpweya pamafuna kudekha. Onaninso mipira yachitsulo yonyezimira ija ya ma swivel, pokhotera mawilo akutsogolo. Ikachita zibowo za dzimbiri, oyilo wa EP90 amatayika ndipo mchenga wa ku Salima umalowa.

Wa ku Dwangwa:
Kuonjezerapo pang'ono: ikadzayamba kuyenda, kabatani kachikasu ka 4x4 musakatsindike pa tala. Ilibe difu yapakati, ndiye pamsewu wouma mashafuti amapotokola. Nkwa m'matope ndi mumchenga basi. Matayala a 7.50-16 akupezeka, ndi omwe amavala timalole ting'onoting'ono.

Mwini funso:
Zikomo nonse, makamaka madala ndi amayi. Bodi yakumbuyo tatsitsa. Mizati ikuluikulu ikulira bwino pogogoda, kupatula malo amodzi pamwamba pa ekiselo mbali yakumanzere pamene sikuludiraiva yalowa. Bulubuku yapezeka mu sutikesi ya amayi, ilidi m'dzina la bambo, ndiye za kwa DC ndiyamba nazo. Injini ndaisiya yomweyo. Koma pabuka china: nyanga yakutsogolo kumanja yadyeka kwambiri mmunsi, ndipo nditapala ndi bulashi ya waya ndaona kuti nambala ya chesisi inadindidwa pomwepo. Manambala ena akuoneka, ena ayamba kufufutika. Wowotcherera akuti adule nyanga yonse aike ina. Nditani pamenepa?

Madala a ku Chipoka:
Asadule! Nambala imeneyo ndi imene amaiyang'ana poyeza COF ndi posintha dzina. Ijambuleni pafoni, muyerekeze ndi ya mu bulubuku ndi ya pa kapuleti ka pa bulkhead ngati kadakalipo, mupakepo girisi kuti dzimbiri lisapitirire. Pitani nazo zithunzizo ku Road Traffic mukafunse kachitidwe kake wowotcherera asanakhudze mbali imeneyo. Padakali pano ayambire crossmember yakumbuyo ndi pamwamba pa ekiselo paja, ntchito imeneyo yokha imutengera nthawi.