Sushi wa batala wa ku Nkhata Bay, zingatheke?

NyaChibavi: Abale thandizeni, mwana wanga wa fomu 3 wandivuta ndi sushi amaonera pa TikTok akuti timupangire pa bethide yake. Nde batala wafuleshi wa ku Nkhata Bay uja tingagwiritse ntchito? Komanso a ku Japan anayamba bwanji kudya nsomba zosaphika, nkhuni kulibe kwawoko?

Ticha_Luwinga: Kkkk nkhuni ziliko mayi. Poyamba inali njira yosungira nsomba firiji kulibe, ndipo inachokera mbali za mtsinje wa Mekong isanafike ku Japan. Ankaithira mchere nkuikwirira mumpunga wophika miyezi yambiri mpaka mpungawo kusasa, pakudya mpunga nkutaya. Ku nyanja ya Biwa ku Japan mpaka lero amapangabe choncho, fungo lake akuti silamasewera. Kenako anatopa nkudikira anayamba kungothira viniga mumpunga. Uja wa kansomba pamwamba pa kampunga anatchukitsa ndi Hanaya Yohei cha m'ma 1820 ku Edo, komwe pano ndi Tokyo, chinali chakudya cha anthu achangu chogula pamsewu ngati chiwaya chathuchi, zodulazi zabwera pambuyo. Naye nsomba zambiri ankayamba waziviika mu viniga kapena soya sosi, zina kuphika kumene.

MaiWaTwins: Batala wamuwisi AYI chonde. Nsomba za m'nyanja zopanda mchere zimatha kukhala ndi nyongolotsi, viniga sazipha, mudzathera ku chipatala cha Central ndi alendo onse. Ngakhale za m'nyanja yamchere zambiri amayamba aziumitsa mufiriji pa madigiri -20 masiku angapo, nde mafiriji athuwa ndi magetsi ozimazimawa musayerekeze.

Zolozolo_boy: Mpunga wozizira ndi nsomba kachala kamodzi? Ine mundiotchere batalayo ndi kondowole, za mwanayo muona nokha

Ticha_Luwinga: Aise sichakudya chokhutitsa mlimi, chimakoma ndi kuwawasa kwa mpunga kuja kukakumana ndi kamchere ndi wasabi, chokometsera chawo choyabwa m'mphuno. Mayi, nsomba yaiwisi siyokakamiza. Ikani mapeyala, nkhaka, dzira lokazinga kapena batala yemweyo wootcha mutachotsa minga. Vuto lenileni ndi mpunga, Kilombero ndi wautali ndipo sagwirana ngati waufupi wa ku Japan, nde onjezerani madzi pang'ono ndipo muthire viniga wosakaniza shuga ndi mchere ukadali wotentha. Chokulungira chakuda chija ndi ndere zouma za m'nyanja yamchere, muno mu Mzuzu sindinazionepo, tumani wopita ku Lilongwe akayang'ane m'mashopu a ma Chaina.

NyaChibavi: Zikomo aphunzitsi. Nanga timitengo todyera tija mpaka tigule?

Ticha_Luwinga: Ayi ndithu, ku Japan komweko kudya sushi ndi manja nkololedwa, ingosambani.