Thandizeni: ndalama zothandizira amayi kuno ku Joni zimatengedwa kuti?

Membala wobisa dzina
Moni nonse. A admin bisani dzina langa chonde, alamu anga ali momuno ndipo chilichonse amatumiza kumudzi. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Diepsloot. Ndagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways zaka 4, kenako adona anangoti usabwerenso, ife tikusamukira ku Cape Town. Anandipatsa zovala zakutha ndi ketulo yopanda chivindikiro. Bambo wa mwana wamng'onoyu anasiya kuyankha foni, koma pa status ndimamuona ali ndi botolo m'manja. Alandilodi akufuna lendi, akazi awo amatseka mpopi dala ndikafuna kuchapa matewera. Alamu anga omwewo ndinawabwereka R800 pa maliro a bambo awo, mpaka lero zii, koma tsitsi akusintha sabata iliyonse. Kumpingo ndinapempha, akuti ndimajomba zopereka. Mayi anga ku Ntcheu nawo akuimbaimba kufuna ya feteleza. Ndamva kuti kuno boma limapatsa ndalama amayi ndi ana, ena akuti SASSA, ena akuti mabungwe. Zimenezi amakatenga kuti? Musanditukwane, mutu wanga sukuyenda bwino.

Ankolo a ku Mayfair
Chemwali, PITANI KWANU. Ndakhala ndikunena pa gulu lino mpaka pakamwa kuuma. SASSA ndi ya eni dziko. Kakwereni basi ku Park Station, mukalime soya ku Ntcheu, nthaka ya kwanu ndi yabwino. Joni sanamangire mayi wa ana awiri.

Nachisale
Ankolo, inuyo kuno munabwera ife tikadali ku pulayimale. Soya wanuyo mumalimira pa Facebook?

Ankolo a ku Mayfair
Ine ndine mwamuna, nkhani yanga ndi ina. Ndili ndi nyumba ya malata ku Mangochi, kafunseni.

Mai a Tadala
Asisi pepani ndi zimene mukudutsamo. Koma mwatiuza za ketulo ndi tsitsi la alamu, zofunika mwasiya. Mapepala anu ndi otani? Bambo wa mwanayo ndi wakuno kapena wakwathu? Ntchito anakuchotsani tsiku liti? Ndikufunsa chifukwa ndalama ya mwana ya SASSA, imene inafika R560 pamwezi mu Epulo 2025, amapatsa wolera mwana amene ali nzika yakuno, kapena wa permanent residence (chilolezo chokhazikika kuno), kapena amene anavomerezedwa kuti ndi wothawa kwawo. Ndalama ina ya R370, ya anthu opanda chopeza chilichonse, anawonjezerapo a asylum (amene akudikira kuvomerezedwa ngati othawa kwawo) ndi a mapemiti apadera a Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Ife a Malawi pemiti yapadera tilibe. Ngati muli ndi pasipoti ya sitampa ya masiku 30 ija, musawononge ya taxi, akakubwezani pawindo.

Che Jafali
Ketulo ija mukugulitsa bwanji? Chivindikiro ndili nacho.

Esnart wa ku Cosmo
Chilichonse chitani koma musayandikire mashonisa, akatapila akunowa. Ine mwana atadwala ndinakatenga R1,000, mwezi usanathe akuti ndibweze R1,500. Ananditengera pasipoti kuti ikhale chikole. Ndinagulitsa filiji, ndinagulitsa bedi, ndinkagona pa makatoni m'mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Mwamuna wanga nthawi imeneyo anali atathawira ku Durban ndi mtsikana wa ku saluni. Ndikamakumbukira misozi imangotsika.

Mai Abusa
Mwana wanga, vuto si ndalama. Pali chimene chinamangidwa kumudzi. Salani kudya masiku atatu ndipo chakhumi musamabe, mwanena nokha kuti mumajomba.

Nachisale
Munthu akulira njala inu mukuti asale kudya. Akusala kale, mayi.

Mai Abusa
Nachisale, pakamwa pakopo padzakupweteketsa.

Mphatso wa ku Turffontein
Ndalama yanu yeniyeni ili kwa adona aja, osati ku SASSA. Lamulo la antchito a m'nyumba limati amene wagwira kupitirira miyezi 6 apatsidwe notisi ya masabata 4, kapena amulipire masabata amenewo. Ngati ntchito yatha chifukwa abwana akusamuka, amawonjezera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene mwagwira, ndiye zaka 4 ndi masabata 4 enanso. Masiku a tchuthi amene simunapume nawonso ndi ndalama. Pitani ku CCMA, ofesi yomva madandaulo a antchito, ndi ulere, safuna loya. Koma dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo limafunika kulowa pasanathe masiku 30, n'chifukwa chake Mai a Tadala akufunsa tsiku.

Ankolo a ku Mayfair
Mphatso ukufuna kumupereka munthu m'manja mwa apolisi? Akangolowa mu ofesi ya boma, mawa lake ali ku Lindela, kumene amatsekera alendo oti abwezedwe kwawo. Ndawaona anthu ine. PITANI KWANU chemwali muli ndi ulemu wanu, osati kukatsitsidwa pa Mwanza ndi jumbo m'manja.

Mphatso wa ku Turffontein
Ankolo, CCMA si Home Affairs. Khoti la za ntchito linagamula kale mu 2008 kuti ngakhale mlendo amene pemiti yake si yolongosoka, ngati wagwira ntchito ndi wantchito basi, lamulo limamuteteza. Ngati akuopa kupita okha, ayambe afunsa a Lawyers for Human Rights ku Braamfontein, kapena a Izwi, bungwe la antchito a m'nyumba la konkuno.

Ankolo a ku Mayfair
Zamabuku zimenezo. Ine ndikunena za mumsewu. Iwe unabwera liti kuno kuti undiphunzitse Joni?

Alinafe B.
Amayi, tisamadikire boma la eni. Ife ku Zandspruit tili ndi chipereganyu cha amayi 10, aliyense R300 pamwezi, wolandira amatenga R3,000. Ine ndinayambira pomwepo geni ya mandasi ndi usipa wochokera kumudzi. Lowani gulu, asisi.

Esnart wa ku Cosmo
Chipereganyu musandiuze. Chathu msungichuma anadzuka usiku ndi ndalama zonse za Disembala, tinangomva kuti wamanga mpanda ku Mzimba.

Alinafe B.
Ndiye vuto ndi anthu anu, osati chipereganyu. Ife ndalama sizigona m'nyumba ya munthu, timaperekerana pamaso tsiku lomwelo.

Nachisale
Komanso munthu alibe ya lendi, R300 yolowera aitenga kuti?

Forex Queen
Ndinali ngati inu koma pano ndimapanga R5,000 pa sabata ndili pabedi. Bwerani ku inbox.

Admin
Forex Queen ndakuchotsani. Amayi, aliyense wokuitanirani ku inbox kuti mulipire kaye kuti akulembetseni SASSA ndi wakuba. Kulembetsa ndi ulere.

Mai a Tadala
Ndiwonjezere za bambo wa botoloyo. Ku khoti la majisitireti kuli ofesi ya maintenance, yoona za ndalama zimene kholo liyenera kupereka zolerera mwana, a ku Diepsloot ambiri amapita ku Randburg. Kudandaula n'kwaulere ndipo zilibe kanthu kuti munakwatirana kapena ayi. Tengani setifiketi ya kubadwa ya mwana, malisiti a zimene mumagula, ndi adiresi ya kumene bamboyo amakhala kapena kugwira ntchito. Ngati ali pa ntchito yolembedwa, khoti likhoza kulamula kuti ndalamayo izidulidwa ku malipiro ake asanailandire. Ndipo akakhala kuti ndi nzika yakuno, mwanayo nayenso ndi nzika, nkhani yonse imasintha.

Che Jafali
Akakhala wakwathu wa maganyu a penti, khoti likadula chiyani? Bulashi?

Ankolo a ku Mayfair
Kusumira bambo wa mwana wako n'kutemberera mwanayo. Kwathu nkhani zotere amakamba ndi ankhoswe. Akazi a ku Joni mwataya mwambo, n'chifukwa chake amuna akukuthawani.

Nachisale
Ankhoswe agula matewera? Ankolo, mwayankha kale kambirimbiri, wina aliyense mukumudula pakamwa. Nanga ana anu a ku Mangochi mumawatumizira?

Ankolo a ku Mayfair
Mukuru ikundidziwa ine. Usandiyambe.

Mphatso wa ku Turffontein
Fufuzaninso ngati adona ankakudulani UIF, ndalama ya inshulansi yothandiza munthu ntchito ikatha. Wantchito wa m'nyumba wopitirira maola 24 pamwezi amayenera kulembetsedwa, 1% yanu, 1% ya abwana. Pokatenga amafuna mapepala olongosoka, ndiye tabwereranso ku funso lija. Malipiro otsikitsitsa anafika R28.79 pa ola mu Malichi 2025, ngati ankakupatsani zochepera pamenepo mukatchulenso ku CCMA.

Sisi Grace
Zikafika poti alandilodi akutulutsani, ku Bertrams kuli Bienvenu Shelter, amasunga amayi ndi ana ochokera kunja, ngakhale malo ndi ochepa. Ngati bamboyo ankakumenyani, a POWA, bungwe la amayi ochitiridwa nkhanza, amathandiza. Mwana wamkuluyo musamusiyitse sukulu, khoti linagamula mu 2019 kuti mwana asabwezedwe chifukwa chosowa mapepala.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse. Koma wina wajambula izi n'kutumiza kwa alamu anga, pano akunditukwana pa WhatsApp kuti ndawayalutsa, chonsecho dzina sindinatchule. Achimwene anga nawo akuikira kumbuyo akazi awo. Mulungu akuoneni amene mwachita zimenezi. Mai Abusa, zopereka ndinkapereka, mwezi umodzi wokha ndi umene ndinalephera.

Mai a Tadala
Asisi, TSIKU limene anakuchotsani ntchito ndi liti? Masiku 30 aja akutha inu mukulimbana ndi alamu.

Ankolo a ku Mayfair
Mwaona? Ngakhale abale ake atopa naye. Chemwali, mvula yayandikira, mukafika mochedwa mupeza anzanu atadzala kale.

Nachisale
A admin, palibe batani lotsekera munthu mmodzi yekha?